A Chingwe Aikidwa pa Shelefu

Pulofesa wa zamadzi atamwalira, anasiyira yunivesite makatoni anayi a makope, ndipo alonda anakawatula pa desiki ya Nadeta Lolemba m'mawa, fumbi lili koboo. Dzina loti Nadeta anamupatsa ndi anzake a m'laibulale, chifukwa ndiye anali pa ntchito yatsopano yosunga deta, ndiye kuti manambala ndi zolemba zonse zimene ofufuza amatola asanalembe mabuku awo. Poyamba dzinalo linkamunyansa. Kenako anangolizolowera, mpaka ankayankha nalo foni.

Makopewo anawadziwa asanawatsegule n'komwe. Analemba ndi bambo ake. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, bambowo ankayenda ndi Pulofesa mwezi ndi mwezi kukayeza madzi m'zitsime. Ankaponya tepi yoyezera yomangirira kachitsulo kunsonga, n'kulemba kuti madzi ali pansi bwanji, ndipo n'chifukwa chake yunivesite yonse inkawatchula kuti a Chingwe. Pulofesa ankatsala m'galimoto n'kumawerenga nyuzipepala. Pa manambala amenewo panatuluka mabuku asanu ndi awiri, koma dzina la a Chingwe simukanalipeza ngakhale pa tsamba lothokoza, pamene Pulofesa anathokozapo Mulungu, mkazi wake ndi makaniko wa galimotoyo. Zimenezi zinkamuwawa Nadeta kuyambira ali kusekondale.

Atatsegula kope loyamba anagwira pakamwa. Tsamba lililonse linali ndi mizere khumi ndi inayi yotsika, manambala okhaokha, koma pamwamba pofunika kulemba dzina la chitsime panali mbee. Pulofesa ankaopa kuberedwa ndi anzake, ndiye analetsa kulemba chilichonse chofotokoza. Akafuna kudziwa kanthu ankangoitana a Chingwe. Anthu ena nzeru zawo, abale inu!

Komiti ya deta inakumana Lachitatu. Wapampando anali Bwana wa laibulale, munthu amene buku la malamulo ankaliyenda nalo kukhwapa ngati mwana wodwala. Panalinso Dokotala, mphunzitsi wachinyamata amene analowa ofesi ya Pulofesa, ndipo ankafuna manambalawo mwachangu kuti akalankhule nawo ku msonkhano wa akatswiri.

"Bwana, makopewa popanda wowafotokoza ndi mapepala oyatsira moto," anatero Nadeta. "Mundipatse mwezi umodzi ndikhale pansi ndi bambo anga, azinena ine ndizilemba. Basi nkhani yatha."

Bwana ananyowetsa chala, n'kuvundukula buku lija. "Fomu yochitira zimenezo ilipo?"

"Palibe, Bwana."

"Ndiye sizingachitike. Koma tamverani lamulo lachisanu ndi chiwiri. Deta iperekedwe ku laibulale pamodzi ndi chilichonse chofunika kuti imveke." Anakweza maso. "Chofunika kuti imveke n'chiyani pamenepa?"

"Ndi a Chingwe," anatero Dokotala.

"Aperekedwe ku laibulale."

Nadeta anaseka, akumayesa nthabwala. Anaseka yekha. Mlembi anali atalemba kale, ndipo komiti inatha ola lathunthu ikukangana ngati a Chingwe ali m'gulu la mabuku, la mamapu, kapena la zinthu zomvetsera. Anagwirizana kuti ndi zomvetsera, koma akhale pa shelefu ya zamadzi.

Panali chinthu chimodzi chimene Nadeta sananene, ndipo ankachidziwa yekha. Bambo ake anali atayamba kuiwala. Chimwalirireni mayi ake ankakhala ndi bambowo m'nyumba, ndipo miyezi yapitayi anali atapeza nsapato zawo mufiriji kawiri. Tsiku lina anamufunsa mwaulemu wonse kuti, "Pepani amayi, mwini nyumba ino abwera nthawi yanji?" Patapita kanthawi anamudziwanso, n'kuyamba kumudzudzula kuti tiyi wachepa shuga. Nadeta anakalirira kubafa. Tsono lamulo lachikhumi ndi chisanu ndi chinayi linkati chinthu chikapezeka chowonongeka chichotsedwe m'laibulale pamodzi ndi zonse zodalira chinthucho. Komiti ikanangodziwa, makatoni anayi aja akanapita kudzala, ndipo ntchito ya moyo wonse wa bambo ake ikanathera pomwepo, dzina lawo lisanalembedwe paliponse. Choncho anatseka pakamwa.

Madzulo anawauza bambowo mwamanthamantha, poganiza kuti akwiya. Kukwiya kuti! Anadzuka pampando n'kukatulutsa jekete yawo ya maukwati.

"Yunivesite yandikumbukira!" anatero. "Pulofesa mabuku ake ali m'mwamba mwachingati?"

"Mwachiwiri, bambo."

"Nanga ine?"

"Momwemo, bambo. Shelefu yoyandikana."

"Eya! Sita jeketeyo bwinobwino."

Mawa lake anawalandira monga amalandirira buku latsopano. Mayi wa kaundula anawafunsa chaka chimene anatuluka, ndipo pa danga lofunsa kuchuluka kwa masamba anaganizaganiza n'kulemba kuti sanawerengedwe. Anawamata kapepala ka nambala pa kolala, n'kuwasokera m'jekete kachitsulo kaja kamene kamachititsa makina a pakhomo kulira munthu akaba buku. Anachotsa mashelefu awiri a m'munsi n'kulowetsapo mpando. A Chingwe anakhala pamenepo ali ndwii, manja pa maondo, kumanzere kuli mabuku a mitsinje, kumanja a zimbudzi.

Mavuto sanachedwe. M'laibulale saloleza kulankhula, ndiye deta ikanamveka bwanji? Bwana anatulutsa chilolezo chonong'ona. M'laibulale saloleza kudya, koma anapeza lamulo loti zinthu zakale zizisamalidwa kuti zisaume, ndipo tiyi analowera pamenepo. Akamapita kuchimbudzi makina ankalira, mlonda n'kuwathamangira. Ikakwana faifi koloko, Nadeta ankaima pa mzere ngati wina aliyense, n'kubwereka bambo ake kwa tsiku limodzi. Ankatulutsa khadi m'thumba la shati yawo, wapakauntala n'kudindapo tsiku lobweza, lomwe nthawi zonse linali mawa.

Sabata yachiwiri Bwana anabwera akutuluka thukuta. Anali atawerenga kuti deta iyenera kusungidwa pawiri, m'nyumba zosiyana, kuopa moto. Anayamba wayang'ana makina a fotokope, kenako a Chingwe, kenako makinawo, n'kupukusa mutu.

"A Chingwe, muli ndi m'bale wofanana nanu?"

"Alipo mng'ono wanga, telala."

"Bambo aang'ono sanaponyepo tepi m'chitsime chibadwire, Bwana," anatero Nadeta. "Amayeza ziuno."

"Lamulo likuti deta yofanana. Silikuti yodziwa."

Anakawatenga bambo aang'onowo ndi galimoto ya yunivesite n'kukawaika m'chipinda chapansi ku nyumba ya zamalamulo. Iwo sanadandaule. Anapempha kuti makina awo osokera abwere, ndipo pofika Lachisanu theka la aphunzitsi a zamalamulo linali litabwezetsa mathalauza kwa iwo. Mu lipoti la mwezi umenewo Bwana analemba kuti yunivesite yafika pa muyezo wa mayiko otukuka.

Nadeta anaona kuti akadikira fomu alinda kwawukwawu ngati Zengerezu. Nthawi ya nkhomaliro, anzake akatuluka, ankakoka kampando n'kukhala pa mapazi a bambo ake, laputopu pa miyendo, kope lili chitsegulire. Ankaloza mzere, iwo n'kunong'ona.

"Woyambawu ndi chitsime cha pa galu wolusa, kuseri kwa chigayo. Wachiwiri ndi cha mayi waukali, amene ankatitukwana kuti tikudetsa madzi. Wachitatu cha kusukulu. Chimenecho ukaona nambala yolembedwa ndi pensulo usaikhulupirire."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Ndiye kuti mvula inagwa, Pulofesa anakana kuti galimoto yake ilowe m'matope. Ankanena nambala ya m'mutu, ine n'kulemba ndi pensulo kuti Mulungu adziwe kuti si ine."

Nadeta anawerenga manambala a pensulo m'kope limodzi lokha n'kupeza makumi awiri ndi atatu. Anayang'ana mabuku a Pulofesa pa shelefu yoyandikana, n'kupitiriza kulemba.

Masiku ena zinkayenda, bambowo n'kumatchula mtunda, chaka chimene chitsime chinakumbidwa, ngakhale mtundu wa chidebe. Masiku ena ankangoyang'ana tsambalo ngati kalata ya eni. Zikatero Nadeta ankatseka kope, n'kuwapatsa tiyi, mtima uli m'malere. Ankaona kuti zinthu zikutayika tsiku ndi tsiku, ndipo madzi akatayika saoleka. Lachinayi lina, ali pa mzere wachisanu ndi chinayi, bambowo anangodzidzimuka n'kumugwira dzanja.

"Mbuzi! Walemba za mbuzi?"

"Mbuzi iti, bambo?"

"Chaka chakhumi, mwezi wa Juni, mbuzi inadya nsonga ya tepi. Masentimita seveni. Pulofesa anati yatsopano tigula chaka chamawa, ndipo chaka chamawacho sichinafike. Ndinangomangirira kachitsulo pamene panatsalapo. Kuyambira pamenepo, nambala iliyonse uzichotsa seveni."

"Iliyonse? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi?"

"Iliyonse."

"Pulofesa ankachotsa?"

"Anaiwala. Analemba buku lonse lakuti madzi anathawa mwadzidzidzi mu Juni. Ndi lobiriwiralo."

Pofika kumapeto kwa mwezi, mizere khumi ndi itatu inali itafotokozedwa. Unatsala womaliza, ndipo umenewo ndi umene unamupengetsa Dokotala. Unali wosiyana ndi inzake. Unayamba chaka chachitatu pa 51, n'kumakwera mwezi ndi mwezi osabwerera m'mbuyo, kaya mvula kaya chilala, mpaka unafika pa 165. Unaima pamenepo zaka zitatu, kenako unatha. Dokotala anati chimenechi ndi chitsime chimene madzi ake ankatsika mosalekeza, umboni woti dziko likuuma, ndipo anali atajambula kale chithunzi cha mizere yofiira choti akaonetse ku msonkhano. Anatuma galimoto katatu kukachifunafuna. Dalaivala anabwerako ndi matayala ophulika ndi nkhuku imodzi.

Nadeta anafunsa bambo ake kasanu, masiku osiyanasiyana. Ankaika chala pa manambalawo n'kumwetulira, koma mawu osatuluka.

"Ndi chitsime chabwino chimenechi," ankatero. "Chili pafupi."

"Pafupi ndi chiyani, bambo?"

"Pafupi basi."

Dokotala anatopa nazo n'kukadandaula kuti deta sikutseguka. Komiti inalamula kuti iyesedwe pamaso pa onse Lachiwiri m'mawa. Tsoka ilo, Lachiwirilo a Chingwe anadzuka mutu uli kutali. Jekete anavala chotembenuza, ndipo m'basi anafunsa kawiri kumene akupita.

Komiti inafola patsogolo pa shelefu ya zamadzi. Bwana anabwera ndi buku lake ndi chidindo chofiira cholembedwa kuti CHOWONONGEKA. Dokotala anatsegula kope n'kuloza.

"A Chingwe, chitsime ichi chili kuti?"

A Chingwe anayang'ana Dokotala, anayang'ana Bwana, kenako anatembenukira kwa Nadeta n'kuvula chipewa. "Pepani amayi, inu mukuoneka achifundo. Kodi muno ndi kuchipatala? Ndikudikira mwana wanga adzanditenge."

M'laibulale mumakhala chete masiku onse, koma chete wa tsiku limenelo anali wina. Nadeta asananene kuti ndi ine, bambo, Bwana anavundukula lamulo lachikhumi ndi chisanu ndi chinayi, n'kuyamba kupaka inki chidindo chija pang'onopang'ono.

"Dikirani kaye!" anakuwa Dokotala, kuiwala chilolezo chonong'ona. Si kuti anamva chisoni, ayi, ankalirira msonkhano wake. Anathamangira ku makatoni aja, n'kufukula pansi pa lachinayi, n'kubwera ndi tepi yakale yachikasu, yothimbirira, ya kachitsulo kunsonga. Anaiika m'manja mwa a Chingwe. "Mwina mukagwira iyi mukumbukira. Mzere womaliza, bambo. Munkayeza kuti?"

Manja aja anaidziwa tepiyo. Anaikulunga pa zala, anaikoka, anaipukuta pa jekete. A Chingwe anaimirira, kapepala ka nambala kali lendee pa kolala, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wangofika kwawo kuchokera ku ulendo. Maso anaima pa Nadeta.

"Vula nsapato."

"Bambo?"

"Vula nsapato, ima kukhoma. Zidendene zigunde. Usanyanyamphire, ndikukuona."

Nadeta anavula. Atangogunditsa msana kukhoma lozizira lija, zonse zinamubwerera. Khomo la kukhitchini, fungo la dizilo ndi matope pa ovolosi ya bambo ake, mayi ake akukalipa kuti mwanayo muyeza mpaka liti, asambe kaye. Mwezi uliwonse akabwera ku zitsime, asanamwe n'komwe madzi, ankamuimika pakhomopo. Iye sankadziwa kuti ankalemba, ndipo nambala ya 165 sinamuuze kanthu chifukwa kuchipatala ankamupeza ndi ina.

A Chingwe anatenga kope lija m'manja mwa Dokotala n'kuligoneka pamutu pa Nadeta. Anaponda kachitsulo ndi chala cha kuphazi, anakweza tepi, n'kutsinzinira diso limodzi.

"Wani sikisite faifi," anatero. "Kuchotsa seveni ya mbuzi, wani fifite eyiti."

Anakhala kaye akuyang'ana nambalayo. Kenako anatsitsa kope, n'kuyang'ana nkhope imene inali pansi pake.

"Aa! Ndiwe iwe? Bwanji osanena? Ndakudikiratu." Anamugwira tsaya ndi dzanja lonunkha dzimbiri. "Wasiya kukula, mwana wanga."

Nadeta analira poyera, wosavala nsapato, pamaso pa komiti yonse, ndipo sanachite nazo manyazi. Mzere uja unayamba mwezi umene iye anabadwa, n'kutha mwezi umene anapita kukoleji.

Dokotala anakhala pansi pa simenti. "Ndiye kuti dziko silikuuma?"

"Mwina likuuma," anatero Nadeta akupukuta m'maso. "Koma musakandionetse ku msonkhano."

Bwana anali atayamba kale kuvundukula masamba. "Ngati zili choncho, mayi, ndiye kuti inunso ndinu deta. Tichotsa shelefu ina. Muli ndi mng'ono wanu wofanana nanu?"

Nadeta anatsegula laputopu pomwepo, ali chiimire, n'kulemba pa mzere wachikhumi ndi chinayi kuti: msinkhu wa mwana wamkazi wa woyeza, m'masentimita, wosavala nsapato. Anatembenuza laputopuyo kuti onse aone. Mizere yonse inali ndi mayina, za pensulo zinalipo, za mbuzi zinalipo.

"Lamulo lachisanu ndi chiwiri, Bwana. Chofunika kuti detayi imveke ndi ichi. Aliyense angawerenge popanda kufunsa munthu. Chisungidwe pamodzi ndi makopewo, ndipo ndachikopera kale pawiri, china ku nyumba ya zamalamulo. Bambo aang'ono azipita."

Bwana anawerenga, anabwereza, n'kuvomera monyinyirika. Panatsala danga limodzi pamwamba pa fomu yolembetsera deta m'laibulale, la mwini deta. Dokotala anatchula dzina la Pulofesa.

"Lamulo lachitatu," anatero Nadeta. "Tawerengani mokweza, Bwana."

Bwana ananyowetsa chala. "Mwini deta ndi amene anaitola ndi dzanja lake." Anayang'ana manja a a Chingwe, amene anali akukulungabe tepi. Bwanayo anali ndi zofooka zambiri, koma lamulo sankalipinda. "Lembani."

Nadeta analemba dzina la bambo ake lonse, lenileni, la pa chiphaso, limene yunivesite inali isanalitchulepo. Anawaitana kuti aone. Anawerama, n'kuliwerenga chilembo chimodzichimodzi.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi amene anayeza zitsime zonsezi, bambo."

"Anagwira ntchito," anatero a Chingwe, akugwedeza mutu. "Amuthokoze."

Sanadikire faifi koloko. Anavala nsapato, anawatembenuzira jekete, n'kutsika nawo masitepe atawagwira mkono. Pa kauntala anatulutsa khadi m'thumba la shati yawo, wapakauntala n'kunyamula chidindo.

"Abwezedwa liti?"

Nadeta anatenga khadiyo n'kuiika m'chikwama chake. Podutsa pakhomo makina analira ngati masiku onse, mlonda anadzuka, koma atamuona nkhope anakhalanso pansi. Panja a Chingwe anaima, tepi ili m'dzanja.

"Tikafika kunyumba undikumbutse ndikuyeze," anatero. "Mwezi uno sindinakuyeze."

"Ndikukumbutsani, bambo."